Technetium ndi mankhwala osasungika, tiyambe kuwakonzekera

Anthu ambiri kuno kumpoto akamva za radiation amangokumbukira mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga ndi mantha a khansa. Manthawo ndi omveka, koma ine ndikufuna tikambeko za technetium, chitsulo chimene chimapezeka uranium akaswedwa, chomwe madokotala amaunikira nacho matenda obisika m'thupi.

Chitsulochi chili pa nambala 43 pa mndandanda wa ma elementi, ndipo ndi choyamba kupangidwa ndi anthu. Emilio Segrè ndi Carlo Perrier anachizindikira ku Palermo, m'dziko la Italy, mu 1937. Mitundu yake yonse imasweka yokha n'kumatulutsa radiation, koma mtundu wa kuchipatala, technetium-99m, umasweka mofulumira kwambiri moti pa maola 6 alionse theka la mphamvu yake limatha. Wodwala amabayidwa pang'ono chabe, atasakaniza ndi mankhwala opita ku mafupa, ku mtima kapena ku impso, kenako kamera yapadera imajambula kuwala kwa gamma, mtundu wa radiation wosaoneka ndi maso, kotuluka m'thupi, ndipo pamene khansa yalowerera m'mafupa pamaoneka timadontho pa chithunzi. Pofika nthawi yomweyo mawa lake, mwa magawo 16 a mphamvuyo latsala limodzi lokha.

Kutha msangaku n'kumene kumateteza wodwala, koma n'kumenenso kumachititsa kuti mankhwalawa asasungike m'kabati. Zipatala zimalandira molybdenum-99, chitsulo china chimene chikamasweka chimasanduka technetium-99m, amene theka lake limatha pa maola 66, ali m'chiwiya chotchingidwa ndi mtovu, ndipo m'mawa uliwonse katswiri amadutsitsamo madzi amchere n'kutulutsa technetium monga mmene timakamira ng'ombe. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiwiyacho chimakhala chauma, osatulutsanso technetium wokwanira. Amodzi mwa malo ochepa opangira molybdenum ameneyu padziko lonse ndi SAFARI-1, makina oswera uranium a ku Pelindaba, ku South Africa, komwe si kutali kwenikweni ndi kwathu kuno.

Ndiye chifukwa chake ndikunena kuti tikamakamba za chithandizo cha khansa m'dziko muno tisamangowerengera nyumba ndi makina. Chiwiya chikachedwa tsiku limodzi pa bwalo la ndege ku Lilongwe kapena pa msewu wa M1, odwala ena a ku Rumphi ndi ku Chitipa sadzajambulidwa. Ophunzira sayansi ku Mzuni ayenera kuyamba kuphunzitsidwa ntchito imeneyi tsopano, kuti tsiku limene kamera yotere idzafike ku Mzuzu idzapeze anthu odziwa kuyeza mlingo woyenera wodwala aliyense.