Kampani imateteza katundu wanu, koma samalani posainira ngongole

M'nkhani yanu ya kulembetsa makampani mwalemba zoona kuti kulembetsa kampani kumasiyanitsa chuma cha bizinesi ndi cha mwini wake. Ambirife timasokoneza zinthu ziwiri. Mukalembetsa dzina la bizinesi lokha ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, bizinesiyo ndi inu nomwe, ndipo ikagwa ndi ngongole, okongoza akhoza kupita kukhoti n'kukulanditsani galimoto kapena nyumba. Kampani ya Limited imaima payokha pamaso pa lamulo, inu mumangoluza ndalama zimene munaika m'masheya. Lamulo la makampani la 2013 limalolanso munthu mmodzi kukhala ndi kampani, ndiye palibe chifukwa chokokeramo alamu anu pongofuna kukwanitsa chiwerengero.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti nkhaniyi sinatchule za kubanki. Kampani yatsopano ilibe mbiri, choncho banki kawirikawiri imafuna kuti mwini wake asainire kuti adzabweza yekha kampaniyo ikalephera, kapena apereke nyumba yake ngati chikole. Mukasaina pepala limenelo, chitetezo chija chatha pa ngongole imeneyo, ngakhale satifiketi ya kampani ili pakhoma. Werengani mzere uliwonse, ndipo pomwe simukumva funsani loya musanagwire cholembera.

Kumbukiraninso kuti kampani imafuna nambala yakeyake yolipirira msonkho (TPIN) ku bungwe lotolera misonkho la MRA, imalipira msonkho wa 30 peresenti pa phindu, ndipo chaka chilichonse imapereka malipoti. Kwa mayi wogulitsa zitenje pamsika, mtolo umenewu ukhoza kumulemera. Kwa amene akufuna makontrakiti a boma kapena kulemba antchito, kampani ndi yofunikadi, bola akaunti yake isamalipire fizi ya ana.