Timapita ku nyanja, koma nyanjayo timayiona?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, kuopa wina anganene kuti ndikuloza anzanga chala. Ku Mangochi ndapitako kasanu ndi kawiri, koma maulendo asanu oyambirirawo sindinganene kuti nyanja ndinayiona. Tinkanyamuka pa Limbe mbandakucha titachita hayala minibasi, kumbuyo titapakira cooler box, mbaula ndi chisipika changati cha pa msonkhano wa ndale. Pofika pa Liwonde ena maso afiira kale. Tikafika kugombe, mipando tinkayika mozungulira sipika ija, msana utaloza kumadzi. Kuviika mapazi kamodzi, kujambulitsa, kuponya pa Facebook, basi zatha. Madzulo ulendo wobwerera, tonse tili mtulo kupatula dalaivala. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pitani mukaone nokha: Ndirande yense, Bangwe yense ali konko, ndipo phokoso lake ndi lomwe lija tinalisiya kuno.

Amene anandichititsa manyazi ndi mwana wanga wamkazi, panthawiyo ali sitandade 5. Ataona zithunzi mufoni anandifunsa kuti, "Adadi, ndiye madzi onsewa amapita kuti?" Ndinayankha mwachidule kuti amapita mu Shire. Iye osakhutira: "Nanga Shire amayambira pati? Munapaona?" Pa mlatho wa Bakili Muluzi, womwe uli pa Shire pa boma la Mangochi, ndinali nditafikapo, koma maso anali pa botolo.

Taganizani. Shire amatuluka m'nyanja pafupi ndi boma la Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, n'kufika pa baraji ya pa Liwonde pomwe amachepetsa kapena kuwonjezera madzi otsika. Kumunsi kwake kuli Walker's Ferry komwe amapopa madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre muno. Magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amachokera m'madzi omwewo. Ndiye kuti tiyi amene ndimamwa kuno ku Chilomoni ndi nyanja yomweyo, ndipo nyanja ikaphwa ndife oyamba kugula makandulo. Koma tikapitako timakhala ngati tapita ku bala yomwe ili ndi mchenga.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinapita ndi banja lokha, sipika inatsala. Tinadzera ku Zomba monga mwa nthawi zonse, makilomita pafupifupi 190 kukafika pa boma la Mangochi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaima. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ya nthawi ija tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yomwe inali pa sitima ya Guendolen, imene mu 1914 inawononga sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya yomwe inamira mu 1946 ndi kupha anthu 145. Zonsezi zili pamtunda, osalipira kanthu, ndipo ine ndinkangozidutsa pofunafuna ayisi.

Pa Monkey Bay sitinakhalitse. Mwayi wake tinapeza Ilala ili padoko. Sitima imeneyi yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndiye kuti ndi yaikulu kuposa bambo anga, koma ikunyamulabe anthu, matumba a chimanga ndi malata kupita ku Likoma ndi kumpoto.

Koma kumene mtima wanga unatsala ndi ku Cape Maclear. Musanafike m'mudzi wa Chembe, mumsewu wokhotakhota wa m'mapiri uja, pali Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere ngati munthu anachitema mphini ndi lumo. Mwana wanga anachisisita n'kunena kuti chikufanana ndi nkhope ya agogo ake aakazi. Kutsogolo kuli manda a amishoni. Ambirife timadziwa Livingstonia wa pamwamba pa phiri ku Rumphi, koma mishoniyo inayambira pa Cape Maclear mu 1875. Malungo atawathera anzawo anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Ine izi ndinaloweza kusukulu pofuna kukhoza mayeso, osadziwa kuti mandawo alipo ndithu ndipo munthu ungathe kuima pambali pake.

M'mawa mwake tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Mnyamata woyendetsa botiyo anatipatsa magalasi oonera pansi pa madzi. Ine kusambira ndimangodziwa kwa mu Mudi tili ana, choncho ndinagwira mwala ndi manja awiri n'kumiza nkhope yokha. Abale inu. Tinsomba ta mbuna, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tambirimbiri, tikubwera mpaka kukhudza zala. Nsomba zimenezi zilipo mitundu mazanamazana ndipo zambiri sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. N'chifukwa chake malowa anawasandutsa paki mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kutetezedwa ndi dziko lonse. Azungu amalipira ndege kudzaona zimenezi, ena amaweta mbuna zomwezi m'magalasi m'nyumba zawo ku Ulaya. Ife tili pamtunda wa maola ochepa, tikulimbana za amene wamaliza nyama pa mbaula.

Pobwerera mnyamata uja anaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi. Nkhwazi inachoka mumtengo, kutsika ngati mwala, kukwatula nsombayo osanyowa ndi mapiko omwe. Mbalame yomwe ija timangoiona pa chizindikiro cha dziko lathu. Mayi a kunyumba, amene ulendo wonse ankadandaula za mtengo wa boti, anakuwa kuposa mwana.

Ndikudziwa chimene ena mukufuna kulemba pansipa: "Ndalama zake ziti?" Simukunama. Malo ambiri ogona a m'mbali mwa nyanja mitengo yake anaikira anthu olandira madola, ndipo zimandiwawa kuona gombe lotchingidwa ndi mpanda, mwana wa m'mudzi momwemo akusuzumira pa mpata. Chambo nachonso chinasanduka ndiwo za mabwana, ngakhale kunyanja konko. Zimenezo ndi zoona ndipo sindikuzichepetsa. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Ndalama imene gulu lathu linkathera pa mowa tsiku limodzi inkakwana boti, chiphaso cholowera mu paki (Amalawi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja) ndi chipinda cha m'mudzi momwemo. Ife tinagona pa kanyumba ka alendo kopanda dzina lotchuka, neti yabwinobwino, madzi a m'ndowa. Tinadya nsima ya usipa wofutsa ndi kampango wowamba, ndipo chambo sindinachisowe. Vuto la ndalama lilipo, koma kwa ambiri amene timakwanitsa kale kupitako, vuto lathu si limenelo.

China chimene munthu umachiona ukakhala phee n'chakuti gombe lija ndi pakhomo pa anthu. M'mawa amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, asodzi akukocheza ndi usipa wa usiku, ena akuyanika pa thandala, ena akusoka ukonde pansi pa mtengo. Usiku nyali za asodzi zimandandalika pamadzi ngati kuli tauni ina kutsidyako. Pamalo pomwepo ndi pamene ife timaswera mabotolo n'kumapita. Ndinaona kamwana kakutsimphina, chala chomangidwa nsanza, ndipo ngakhale sindikudziwa chinakacheka n'chiyani, ndinakumbukira mabotolo athu a chaka chija.

Mawu awiri kwa amene mukupita ndi ana. Mphepo ya mwera, makamaka miyezi yozizira ija, si yoseweretsa. Eni boti akati lero ayi, musawakakamize ndi ndalama. Jekete yoyandamitsa ija valani ngakhale ikukuchititsani kuoneka ngati thumba la makala. Pamene pali bango funsani kaye eni mudzi za ng'ona ndi mvuu. Mukabwerako kayezetseni likodzo pakapita milungu ingapo, mankhwala ake alipo. Ndipo munthu woledzera asalowe m'madzi, chaka chilichonse nyengo ya zikondwerero timamva za maliro otere.

Sindikuti anthu asiye kusangalala, inenso kanyama kowotcha ndimakafuna. Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndinapita ndi anzanga akale omwe aja, ndipo tinapangana kuti boti kaye, cooler box itsekulidwa dzuwa likapendeka. Mmodzi anang'ung'udza njira yonse. Ndi yemweyo amene anakana kutuluka m'madzi pa Thumbi mpaka woyendetsa boti anachita kuliza injini.

Chaka chamawa ndikufuna kukwera Ilala mpaka ku Likoma, ndikaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija ndimangochiona pa zithunzi. Mwana wanga wayamba kale kusunga makobidi m'chitini. Amene akufuna tipitire limodzi andiuze, koma sipika itsale.