Ampulifaya yaikulu pakhoma la ku Malawi ndi la ku Mozambique

Pa mphamvu ya magetsi, Malawi ndi Mozambique sasiyana kwenikweni: kuno ndi 230V, uko 220V, konse 50Hz. Ampulifaya (makina okweza mawu a nyimbo) yogulidwa mbali imodzi ya malire imalira bwinobwino mbali inayo. Nkhani yagona pa soketi.

Malawi, monganso Zambia, anatengera kwa Angelezi pulagi ya mano atatu amakona, ya muyezo wotchedwa BS 1363, yomwe inayamba mu 1947. M'mimba mwake muli fyuzi yosapitirira 13A, ndipo sanaiikemo mwamasewera. Kayalidwe ka mawaya ka Chingelezi kamalola masoketi ambiri kukhala pa mzere umodzi wotetezedwa ndi breaker (switchi yodula magetsi yokha akachuluka) ya 32A, choncho chingwe chopyapyala chingathe kupsa breaker ili phee. Fyuzi ija ndiyo imachiteteza. Pa 230V, 13A imapereka pafupifupi mawati 3,000, ndipo ampulifaya za m'nyumba zofika pamenepo n'zowerengeka. Vuto limabwera poyatsa. Thiransifoma yaikulu yozungulira ya mkati mwa ampulifaya imakoka magetsi ochuluka kwa kamphindi, mpaka babu kuphethira, ndiye ngati wina anaika mu pulagi fyuzi ya 3A kapena 5A, imangoti thi! mwini wake n'kumati makina afa.

Ku Mozambique anatsata njira ya ku Ulaya: pulagi yotchedwa Schuko ya mano awiri obulungira, earth (njira yothawitsira pansi magetsi olakatika) ili m'mbali, kuphatikizapo ya ku South Africa ya mano atatu onenepa. Zonsezi zilibe fyuzi, chitetezo chili pa bolodi la ma breaker. Schuko imanyamula 16A, ndipo apa aMozambique atiposa, makamaka kwa amene ali ndi zimaampulifaya zomwe kumbuyo kwake kumalowa pulagi ya chingwe ya mtundu wa C19 m'malo mwa C13 wamba ya 10A. Koma Schuko imalowa ngakhale mutaitembenuza, mawaya awiri a magetsi, live ndi neutral, n'kusinthana. N'chifukwa chake okonda nyimbo ena amapima ndi tesita n'kudontheza kadontho kofiira pa pulagi, ati kung'ung'udza kumachepa ikalowa mbali yoyenera. Yathu ilibe zimenezo, imalowa njira imodzi basi.

Ine ndimakondera yathu chifukwa cha earth: popanda dzino lake lalitali, tizitseko ta soketi sititseguka. Ku Mozambique kukadali masoketi a mabowo awiri opanda earth, pomwe ampulifaya zambiri zazikulu ndi chitsulo chokhachokha kunja. Waya akalakatika mkati, magetsi amadikira dzanja lanu.

Choipitsitsa ndi kuwolotsa makina malire kenako n'kudalira ka adaputa. Munthu wagula chingwe chonenepa ngati chala, chodula, n'kuchisomeka pa kapulasitiki kogwedera, kotentha, kamene earth yake nthawi zina sikhudza kalikonse! Dulani pulagi yachilendoyo muikepo ya dziko limene muli, chingwe chikhale cha 1.5mm², ndipo ngati ampulifaya ndi ya Class A, imene imakoka magetsi ambiri ngakhale nyimbo zisakulira, katswiri wa magetsi aikokere mzere wakewake wa 2.5mm² kuchokera pa bolodi.