Waganyu timulipire zingati ife amene khasu latikana?

Chaka chatha mpamene ndinavomereza kuti ine ndi khasu tasiyana. Ndinalawirira kumunda ngati kale, ndangolima mizere itatu yokha msana nkuti gwa, ndinabwerera kunyumba ndikuyenda chammbali ngati nkhanu, mayi akunyumba amvekere "ndimakuuzani ine bambo, zaka 66 si masewera." Ine amene ndinkayamba ndamaliza ndime yanga ndisanasambe kupita kukagwira choko, lero kuwerama kumanga nsapato kokha ndiyambe ndapanga pulani. Ana onse ali kutali, wina ku Lilongwe wina ku Joni, adzukulu amabwera pa holide kudzajambula maselfie mchimanga basi. Nde chatsala nchani, aganyu.

Koma nkhani ya mtengo wa ganyu yandisowetsa tulo kuposa msanawo, nde ndati ndilembe pano mwina ena muli ngati ine.

Ganyu woyamba ndinapusitsidwa, ndisakubisireni. Kunabwera anyamata awiri nthawi yopalira, ine nkuwalozera ndi ndodo kuti kuyambira pa mango apo mpaka pachulu, iwo nkuyang'anizana, wina nkuti "aphunzitsi, apa pakula, komanso dawe ameneyu ngovuta." Tinakangana pang'ono nkugwirizana, ndipo poti amati kunyumba sanadye ndinawapatsiratu theka. Pofika 10 koloko akuti tamaliza. Ndikuyang'ana ndili kumutu kwa munda kuoneka poyera bwinobwino, ndinawapatsa yotsala ija mpaka kuwathokoza. Itagwa mvula kawiri munda onse unabiriwira ngati bwalo la mpira. Sanapalire anthu aja, ankangokanda dothi mkhwawa nkukwirira udzu pamwamba, khovani ndi kapinga zili moyo pansi zikungomwa feteleza wanga. Ndipo amadziwa kuti mdalayu sangalowe pakati pamunda kukafukula, mpamene panandiwawa kwambiri pamenepo.

Ndinakwiya, nkumauza aliyense kuti aganyu a masiku ano ndi mbava. Kenako mu January kunachitika china chimene chinanditseka pakamwa. Panafika mayi wina mwana ali kumbuyo, khasu lake lothera ngati supuni, akuti "agogo, kaya muli nako koti ndikupalirireni." Ine ndi mkwiyo wa anyamata aja ndinatchula mtengo wotsika dala poganiza kuti tinenerera nkukumana pakati. Sananenerere. Anangoti chabwino, nkufunsa ngati tili ndi madeya kuti ndalama ina tiwapatse madeyawo. Anagwira masiku atatu, ntchito yaukhondo, udzu akuukutumula dothi nkuuyanika pamwamba pa mzere, mwana atamugoneka pa chitenje pansi pa mtengo. Tsiku lomaliza mayi akunyumba anandifunsa kuti kodi ndalama mwawapatsa amayi aja ikugula makilo angati a chimanga pa msika. Ndinawerengera, ine mphunzitsi wa masamu, ndinachita manyazi. Nthawi imeneyo, kumayambiriro kwa 2025, chimanga chinali pamoto chifukwa cha chilala cha El Niño cha 2024 chija, kumadera ena thumba la 50kg linafika K100,000. Masiku atatu a mayi uja sanakwane olo chakudya cha masiku atatu cha pakhomo pake.

Apa mpamene pali maganizo anga. Ambirife timati mtengo wabwino ndi umene mwagwirizana, bola waganyu wavomera yekha sunamukakamize. Ine ndikukana. Munthu wa njala mu January amavomera chilichonse, wamukakamiza ndi mmimba mwakemo, iwe wangopezerapo mpata. Ndipo tisaiwale kuti tsiku lililonse akupalira kwa iwe, kumunda kwake udzu ukukula, nde chaka chamawa abweranso ndi khasu lomwelo chifukwa sanakolole. Ife amene tinaphunzitsa histore ya thangata ku ma esiteti a ku Chiradzulu, mpaka John Chilembwe kuukira mu 1915, sitiyenera kumachita kathangata kathu kakang'ono kuseri kwa nyumba. Koma mbali inayi, okalamba nafenso si banki. Kapenshoni kamabwera kamodzi pamwezi, kwacha anaigwetsa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023, feteleza, mankhwala a BP, zonse zikudikira kandalama komweko. Ndipo alipo agogo ambiri amene alibe olo penshoniyo, akudalira Mtukula Pakhomo kapena foni ilire kuchokera kwa mwana.

Nde ine ndinasiya zoloza ndi ndodo. Ndinagula chingwe. Ekala imodzi ndi pafupifupi mamita 64 mulitali, 64 mulifupi, kumudzi timangoti mapazi 70 uku 70 uku, koma mapazi ake akuluakulu odumphira osati a ine a masiku ano kkkk. Mukamalima mizere yotalikirana 75cm ngati mmene alangizi amanenera, pa ekala pamakwana mizere pafupifupi 85, ikakhala yakale ija ya 90cm ndi cha mma 70. Zimenezi zokha zimathetsa mikangano yambiri, chifukwa kulipira "pa mzere" osanena kutalika kwa mzerewo nkudzinamiza, mzere wa kudimba ndi mzere wa kumunda wa kumtunda si chimodzi. Komanso mukamalipira pa mzere osaika chikhomo, munthu wochenjera amapanikiza mizere kuti ichuluke, mukalipira pa ekala amaitalikitsa kuti athe msanga. Ine ndinadula kandodo ka 75cm, ndimampatsa mmanja.

Kenako ndimafunsa kuti ntchito imeneyi munthu wamphamvu wosathamanga angaigwire masiku angati. Pa dothi langa la katondo, mu October kusanagwe mvula, mnyamata amene amandilimira pano amatha mizere 10 akayamba 5 koloko nkuweruka dzuwa litafika pamutu. Ndekuti ekala ndi masiku 8 kapena 9. Tsono tsiku la munthu ndi ndalama zingati? Boma linaika malipiro otsikitsitsa, anali K90,000 pamwezi kuyambira mu February 2024, mu 2025 anakweza kufika K126,000, mukagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito ikubwera K4,800 ndi kakuti patsiku. Ndikudziwa wina anena kuti aphunzitsi zimenezo nza pakampani, kumudzi sizigwira. Eya, palibe wa leba amene adzabwere kumunda kwanga ndi fayilo. Koma ndi poyambira pabwino kusiyana ndi kungotchula nambala ya mmutu. K4,800 kuchulukitsa ndi masiku 9 ikupitirira K43,000 pa ekala, nde ndikamva munthu akudzitama kuti ine ekala anandilimira ndi K15,000 ndimadziwa kuti pali wina wagona ndi njala, apo ayi mizere yake ndi yongokanda pamwamba.

Ena amati koma waganyu amaweruka masana, si tsiku lathunthu. Tagwirani khasu pa katondo wouma maola sikisi muone ngati madzulo mungagwirenso china.

Chachiwiri chimene ndimayang'ana ndi chimanga, ndipo kwa ine ichi nchachikulu kuposa za boma zija. Kwacha imasintha ngati bilimankhwe koma mimba simasintha. Ndisanatchule mtengo ndimatuma mdzukulu wa aneba akaone pa msika kuti kilo ili pa zingati, nkudzifunsa kuti ndalama ya tsikuyi igula ufa woti banja lidye lero nkutsalako ya mchere ndi sopo? Ngati siikwana, ndekuti mtengo wanga ngolakwika olo mudzi onse ukulipira choncho. Ndipo amene akufuna chimanga mmalo mwa ndalama ndimampatsa chimanga chenicheni, poyezera pake tonse tikuona, osati ndowa yophwanyika mmbali ija ena amasungira aganyu. Madeya ndi a nkhumba ndi nkhuku, ngati munthu wawapempha mpatseni ngati mphatso, asakhale malipiro.

Ntchito nazonso sizifanana, izi achinyamata a mtauni amene mumatumiza ndalama kwa makolo mumve. Kusosa nkopepuka, kugalauza mizere pouma ndi ntchito ya mtima bii, kupalira kumatengera udzu wake, munda wa chisoso ndi bonongwe sungafanane ndi wa dawe kapena kapinga, kubandira kuli pakenso chifukwa chimanga chimakhala chakula chikukucheka mmikono. Nde mayi anu akakuimbirani kuti ndalama ya aganyu yatha musamafulumire kunena kuti "koma ndinatumiza mwezi watha." Munatumiza yolimira, pano akupalira. Mwana wanga wa ku Joni poyamba ankatero, amvekere adadi kodi munda wake ndi esiteti? Ndinamujambulira dawe pa WhatsApp, anangoti ndamva.

Pali chinanso chimene sitimachinena. Agogo ambiri amaopa kukangana ndi waganyu. Mayi wamasiye wa zaka 75 ali yekha pakhomo, mnyamata wagwira ntchito yosalongosoka, akamuuza kuti bwereza ayamba kulalata, mawa mumva mmudzi kuti agogo aja ngokhwima, ndi mawu aja mukuwadziwa amene apweteketsa okalamba ambiri mdziko muno. Nde amangolipira kuti kukhale bata. Mlongo wanga wamkulu zinkamuchitikira, mpaka tinagwirizana kuti pogwirizana mtengo ndi polandira ntchito pazikhala mphwathu, iye azingoti "dikirani abwere amalume ake a ana aone." Zinatha. Inu a mtauni, kusiyana nkungoponya ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba nkuzimitsa foni, pezani munthu mmodzi wokhulupirika woti azikaponda mmundamo, ndipo nayenso muzimuganizira ya sopo.

Zolipiriratu ndinasiya, koma zochedwetsa malipiro ndimadana nazo kuposa. Munthu wamaliza, mwayendera limodzi, mpatseni zake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Zoti bwera Lachisanu penshoni sinalowe, ngati sinalowe musamuitane. Ndaonapo munthu akuyendera K3,000 yake kanayi kwa bambo amene ali pakhonde akumwa tiyi wamkaka, ndipo bambo ake ndi a mkomiti ya kutchalitchi. Ngati ntchito ndi ya masiku ambiri ndimadula ndime, yatha ndime talipirana, mawa ina. Iye sakuopa kuti ndimuthawa, ine sindikuopa kuti andithawa. Ndipo phala kapena thobwa la mmamawa ndi nsima ya masana sindidula pa malipiro, mayi akunyumba sangalole nkomwe.

Kale kunali dima, umafulula mowa kapena thobwa anthu nkubwera ndi makasu awo munda nkutha tsiku limodzi akuimba, nkhalamba sinkagona ndi thengo. Zinapita zimenezo, ndipo sindikuwada achinyamata, sopo sagula ndi nyimbo.

Tsono funso lovuta, nanga ngati mtengo woyenerawo sungaukwanitse? Ine yankho langa silikoma koma ndi limene ndinachita: chepetsa munda. Ndinali ndi maekala atatu, pano ndikulima imodzi ndi theka, inayo ndinabwereketsa kwa mnyamata yemwe amandilimirayo, tinakagwirizana pamaso pa amfumu kuti pasadzakhale zoti malo ndi ake. Ekala ndi theka yopalira pa nthawi yake, feteleza wokwana, ikundipatsa zosasiyana kwenikweni ndi maekala atatu a udzu aja. Kunyada kokhala ndi munda waukulu uku ukulipira anthu madeya, ine ayi. Ena akuthira mankhwala opha udzu ngati Roundup ndi Harness kuti achepetse aganyu opalira, nzabwino ngati wopoperayo akudziwa muyezo, koma mukumbukire kuti maungu ndi nyemba za mchimanga zija mutsanzikana nazo, mayi akunyumba anakana poti nkhwani ndiye ndiwo zathu.

Anzanga opuma ntchito amene munatsalira mtauni ku Area 25 kapena ku Chilomoni, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Mnyamata wotchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa uja, ngati mwamulemba pamwezi, malipiro otsikitsitsa a antchito apakhomo anachoka pa K52,000 kufika K72,800 mu 2025. Ngati simungathe, muuzeni azibwera kawiri pasabata mumulipire pa tsiku, masiku enawo akasake kwina, osati kumusunga sabata yonse pa geti ndi K30,000 nkumati koma amadya konkuno.

Dzulo mnyamata wanga uja anabwera kudzaona munda, tayeza ndi chingwe chathu, ndamuuza mtengo wa chaka chino. Anakanda mmutu nkuti "madala, muonjezereko pang'ono, chakumunsi kuja kuli ziputu." Ndinapita nawo pang'onopang'ono ndi ndodo yanga kukaona, ziputu zilipodi, za mtengo wa mthethe umene tinadula chaka chatha. Ndaonjezera K5,000 ndipo wati ayamba Lolemba. Kwanuko ekala yolima mizere mukulipira zingati chaka chino, ndipo ndi boma liti? Ndikufuna ndione ngati ife a ku Dedza kuno tili pamzere.