Si zonse zimene tiyenera kuunamizira umphawi

Pali mawu amene ndatopa nawo: "Makolo ako anali osauka, uwamvetse." Ndawamvanso sabata ino akunenedwa kwa mnzanga wina wa ku Chiputula, konkuno ku Mzuzu, amene wayamba kulemba buku la mbiri ya moyo wake. Anangoika kachigawo kochepa pa Facebook, kofotokoza mmene iye ndi azing'ono ake ankagonera ndi njala tsiku lomwe bambo awo alandira malipiro. Dzuwa lisanalowe, amalume ake anali ataimba kale foni kuti achotse, ati akuvula banja pagulu. Azakhali nawo akuti mako ndi mako angachepe mwendo, za m'nyumba saulula.

Ine ndili kumbali ya wolembayo.

A Malawi nkhani za umphawi timazikonda, bola wolakwa akhale njala, chilala kapena boma. Timanyadira Legson Kayira, mwana wa ku Chitipa amene anayenda wapansi mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan kufunafuna maphunziro, nadzalemba mbiri yake mu 1965. Timanyadira William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, n'kupanga makina a magetsi oyendera mphepo. Nkhani zimenezo timaziombera m'manja chifukwa sizitiloza chala. Koma wina angolemba kuti kwathu ndalama inkalowa, kungoti sinkafika pa mbale ya ana, pomwepo timamutcha mwana wosaleredwa bwino. Inde, ndi zimene iyenso akunenazo, kuti sanaleredwe bwino. Nanga mkwiyo wanu ukuchokera pati?

Ine ndinakulira ku Masasa, m'nyumba ya lendi ya zidina, pamtsetse pamene mvula ikagwa madzi ankalowera khomo lakutsogolo. Bambo ankacheka matabwa ku Chikangawa nthawi imene paini anali adakali wochuluka, ndipo ndalama ankazipeza ndithu. Ankafika m'tauni Lachisanu thumba lili tho, ife n'kudzawaona Lolemba m'mawa atanyamulidwa ndi anzawo, kachasu akununkha kuyambira pamsewu. Mayi ankatuluka m'mawa osanena kumene akupita. Nthawi zina ankabwera usiku, nthawi zina mawa lake. Amene mukuidziwa Mzuzu mukudziwa chisanu cha Juni ndi Julaye, chija chimabwera ndi nkhungu ndi kamvula kosatha. Ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinkafunda chitenje chimodzi, bulangete la m'nyumba mwathu litapita kukakhala chikole cha ngongole ya mowa.

Khomo loyandikana ndi lathu kunkakhala mayi wina wamasiye, amene tonse tinkangowatchula kuti amama, monga mmene timaitanirana kuno. Ankagulitsa nthochi ndi chinangwa cha ku Nkhata Bay pamphepete pa msewu. Kunena za chuma, iwo anali osauka kutiposa ife kutalitali. Ana awo ankavala zigamba, nsapato analibe, sopo akasowa ankangosamba madzi okha. Koma ankasamba. Madzulo amamawo ankakhala pakhonde ndi pini, kuchotsa matekenya m'mapazi a ana awo mmodzimmodzi, akamaliza n'kundiitana inenso kuti bwera kuno ndione mapazi akowo. Ufa ukachepa ankaphika phala lamadzimadzi, kugawira ana, iwo n'kunena kuti adya kale kumsika. Tinkadziwa kuti akunama. Mwana akatentha thupi usiku ankamubereka, ulendo wapansi kuchipatala, mumdima ndi m'matope momwemo.

Ndiye munthu akandiuza kuti vuto la kwathu linali umphawi, ndimakumbukira pini ija. Inali ya ndalama zingati?

Za sukulu n'chimodzimodzi. Kuyambira mu 1994 pulayimale inali yaulere, ndipo ana anakhamukira kusukulu mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Zoona, makope, yunifolomu ndi tindalama ta chitukuko zinkavutabe, sindikukana. Koma ine masiku ambiri amene ndinajomba sichinali chifukwa cha kope. Panalibe wondidzutsa, panalibe wofunsa kuti lero wapita kodi, ndipo panafunika wina wotsala ndi mlongo wanga. Lipoti la mayeso ndinkakaonetsa khomo loyandikana lija. Mpaka lero sindikhulupirira kuti bambo ankadziwa kalasi imene ndinali.

Mwambi wa mako ndi mako ndimaulemekeza, koma ukunena za mayi wolumala, wosauka, wosaoneka bwino pamaso pa anthu, kuti usachite naye manyazi. Sukunena za kholo limene linali ndi miyendo yonse iwiri n'kuyenda nayo kukusiya. Amene mumathamangira pa Eksodo 20:12 kuti lemekeza atate wako ndi amako, tsegulaninso Aefeso 6:4, pamene atate akuuzidwa kuti asakwiyitse ana awo, ndi 1 Timoteo 5:8, pamene wosasamalira a m'banja lake akutchedwa woipa kuposa wosakhulupirira. Mavesi amenewa sindinawamvepo akulalikidwa ndi ukali umene timalalikira nawo ana.

Ngakhale malamulo a dziko salola kubisala kumbuyo kwa mwambi. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro kuchokera kwa makolo ake, kaya ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya ukwati unatha. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, ndipo mu 2017 inakweza msinkhu wa mwana kufika zaka 18. Pali nambala yaulere ya 116 yoimbira mwana akamazunzika. Zonsezi zilipo, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa kuti zimene zikumuchitikira zili ndi dzina. Amangoganiza kuti moyo ndi wotero, kapena kuti iyeyo ndiye wolakwa. Ine ndinazindikira ndili wamkulu kale, nditamva munthu wina akufotokoza ubwana wake mosabisa. Apa ndi pamene pali phindu la mabuku oterewa. Mwana wa ku Zolozolo kapena ku Mchengautuba amene lero akutola mabotolo kudepoti, akadzawerenga adzadziwa kuti sanali yekha, komanso kuti sanachite kudzichititsa.

Izi sizikutanthauza kuti wolemba alembe chilichonse chimene chabwera m'mutu. Abale ako amene munavutikira limodzi ali ndi ufulu wosafuna kuti anzawo a kuntchito adziwe kuti ankapempha zotsala kumsika. Afunse, ndipo akakana sintha maina. Lembanso zimene unadzamva pambuyo pake, ngakhale zikufewetsa mkwiyo wako. Ine ndinadzamva kwa azakhali kuti mayi anakwatiwa ali kamtsikana, kuti anataya ana awiri ine ndisanabadwe, ndipo kuyambira pamenepo sanakhalenso bwinobwino. Lero tikanati ndi matenda a maganizo, tikanapita nawo kuchipatala cha St John of God konkuno ku Mzuzu, kumene amathandizanso anthu amene mowa wawagwira ukapolo. Nthawi imeneyo anthu ankangoti mkazi uja ngwaulesi. Kudziwa zimenezi kunandithandiza kuwamvera chisoni. Sikunabweze usiku ndi umodzi womwe umene tinagona tokha chitseko chili chosakhoma. Zonse ziwirizo ndi zoona, ndipo buku labwino liyenera kunyamula zonse.

Chimene sindingavomere ndi choti kukhululuka kukhale kufufuta. Anthu amene amatiuza kuti tiiwale kawirikawiri ndi omwe aja ankadutsa pakhomo pathu, kutiona tili mbuu, n'kupitirira. Bukulo likatuluka iwonso alimo, n'chifukwa chake foni zimalira msanga.

Mayi anatisiya kalekale. Bambo alipo, akalamba, anabwerera kumudzi ku Dedza. Mwezi ukatha ndimawatumizira kangachepe pa foni, ya mankhwala ndi sopo, ndipo akadwala ndimakwera basi. Ena amati ndiye kuti zinatha. Ayi, ndimatumiza chifukwa ndi munthu wokalamba wopanda womuyang'anira, ndipo ine ndikudziwa mmene zimenezo zimawawira. Amalume ndinawauziratu kuti tsiku la maliro a bambo, mbiri ija timawerenga pamaso pa anthu yoti malemu anali munthu wokonda ana ake, adzapeze wina woiwerenga. Bokosi ndidzagula ine, ufa ndi ndiwo za pamaliro ndidzagulanso ine, koma pepala limenelo sindidzaligwira.