Chenjezo kwa opereka foni ili m'manja

Ana anga a mu Mzuzu muno, mundikhululukire, lero ndikudzudzulani. Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndinaona Loweruka lapitali ku Masasa zandikanikitsa kupirira.

Kunabwera achinyamata pa galimoto, atavala malaya ofanana, atanyamula kathumba ka ufa, sopo ndi bulangete limodzi. Mtima wanga unakondwa, poti kuzizira kwa Juni kuno timakudziwa tonse. Koma asanapereke kalikonse, anayamba aimika agogo ena ake pakhonde la nyumba yawo, nawauza kuti agwire thumbalo, ayang'ane foni, amwetulire. Anajambula katatu, akuti kuwala sikunali bwino. Madzulo chithunzi chinali kale pa Facebook, nyumba yong'aluka ikuonekera kumbuyo. Pofika Lolemba dera lonse linali litadziwa kuti pakhomo paja sipaphikidwa, ndipo adzukulu awo anzawo ankawaseka kusukulu.

Kodi zimenezi ndiye chifundo? Ufa uja utha sabata imodzi, koma manyazi mwawasiyirawo akhala nawo chaka chonse.

Ndikudziwa chimene mukufuna. Mukufuna chimwemwe, ndipo munamva kutchalitchi kuti kupatsa kumadalitsa koposa kulandira, monga akunenera Machitidwe 20:35. Nzoona. Koma mwaiwala Mateyu 6, pamene Ambuye anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, natinso oliza lipenga popereka alandiriratu mphotho yawo. Lipenga la masiku ano ndi foni. Anthu akakuyamikirani pa intaneti, malipiro anu ndi omwewo, mwatengeratu. Nchifukwa chake mawa lake mumadzuka mtima uli gwa, kuyang'ananso foni kuti aonjezekera angati, kenako kufunafuna wosauka wina woti mumujambule. Chimwemwe chotere chili ngati mame, dzuwa likangotuluka chauma. Ndipo musayese kuti ndi chiphunzitso cha Akhristu okha. Funsani abale athu Achisilamu, akuuzani kuti sadaka yoperekedwa mobisa ili ndi mphotho yaikulu.

Amayi anga ankadikira kuti kuyambe mdima, n'kunditumiza ndi mbale yovindikira kuti ndikapereke kuseri kwa mayi wina wamasiye. Ankandilangiza kuti, “Ukanene kuti taphika zambiri, atithandize kudya.” Taonani nzeru imeneyo! Wolandira ndiye ankaoneka ngati wathandiza. Amayi ankabwerera kukhitchini akung'ung'udza nyimbo ya m'buku, nkhope ili mbee, pomwe ifeyo usiku umenewo tadyera masamba otendera basi. Makolo ponena kuti kupatsa nkuika, ankanena za kuika mumtima mwa mnzako ndi pamaso pa Mulungu.

Nanunso akuluakulu anzanga musaseke, muli momwemo. Pa perekani-perekani mumamwaza ndalama mpaka wotsogolera mwambo kusasa mawu ndi kutchula dzina lanu, pamaliro mumafuna chipepeso chanu chiwerengedwe mokweza, koma mnyamata wa Sacramento, njinga yakabaza ija, amene wakukwezani chitunda chonse thukuta lili kamukamu, mumakangana naye chifukwa cha K100. Wantchito wapakhomo panu miyezi iwiri sanalandire, inu mukuvina kutsogolo ndi envelopu pa tsiku la zopereka. Mayi wamasiye wa pa Marko 12 anaponya tindalama tiwiri, palibe anamuombera m'manja, koma Yesu anamuona.

Sindikuti lekani kuthandiza, ayi, njala ilipo ku Ching'ambo, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo, paliponse. Ngati amene anakupatsani ndalama akufuna umboni, jambulani katunduyo ndi malisiti, muwatumizire okhawo. Nkhope ya munthu musaionetse asanavomere, ndipo dziwani kuti wanjala amavomera chilichonse, choncho “eya” wakeyo musamudalire. Ana ndiye musayerekeze n'komwe.

Inu a malaya ofanana, chithunzi cha agogo aja chichotseni lero lomwe. Mubwerereko, foni muisiye kunyumba, mukakhale pamphasa mupepese. Mukaonenso denga lija, likudontha mbali ya kuchipinda kumene amagona ndi adzukulu.