Mwana wanga ankawerenga mpaka 30, koma timiyala 6 tinamukanika

Mwana wanga wa zaka zinayi amatchula manambala mpaka 30 osaphonya. Alendo akabwera ndinkamuitana kuti awerenge, onse n'kuwomba m'manja, ine ndikunyadira. Tsiku lina tikusewera pansi ndi timiyala ndinamuuza kuti, "Tandipatseko 6." Anangotapa dzanja lodzaza n'kundininkha. Nditamuuza kuti awerenge, pakamwa pankathamanga kusiya chala m'mbuyo: chala chidakali pa kamwala kachitatu, pakamwa pafika kale pa 7. Zinandikhudza kwambiri. Kwa iye manambala aja anali nyimbo basi.

Sindikuloza chala aphunzitsi ake. Ambiri amachita zimene ife makolo timafuna, ndipo ife timafuna kope lodzaza zilembo ndi mwana woloweza. Akabwera zovala zitanyowa n'kunena kuti lero amasewera ndi madzi, timayamba kudandaula kuti kusukuluko akungotaya nthawi. Ine ndemwe ndinkadandaula choncho.

Maganizo anga tsopano ndi akuti mwana wamng'ono amamvetsa chinthu chimene wachigwira, wachigwetsa, wachiyesanso. Izi si zachilendo ayi. Mu 1907 Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, anatsegula sukulu ya ana aang'ono yotchedwa Casa dei Bambini mumzinda wa Rome, m'dera la anthu osauka la San Lorenzo. Anaikamo timipando ndi timatebulo toti mwana anyamule yekha, zipangizo n'kuziika pansipansi kuti aliyense asankhe chimene akufuna kuchita. Zilembo anazidula papepala lokhakhala kuti mwana azitsatira ndi chala asanagwire pensulo. Ana ankaphunziranso kumanga mabatani, kusesa ndi kupukuta tebulo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mayiyu anayamba ndi kuwayang'anitsitsa anawo, njira yophunzitsira n'kuchokera pa zimene anaona.

Jean Piaget, katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku Switzerland, ankathira madzi ofanana m'matambula awiri ofanana, kenako n'kutsanulira a m'tambula imodzi mu ina yaitali yowonda. Ana ambiri osakwana zaka 7 ankati madzi achuluka, ngakhale anaona ndi maso awo kuti sanawonjezeremo kanthu. Ndinayesa ndi wanga, nayenso anatero. Ndinamufotokozera kawiri, iye n'kungovomera kuti andisangalatse. Ndipamene ndinamusiyira beseni, makapu ndi mabotolo osiyanasiyana kuti azithira yekha. Amatha nthawi yaitali ali duu pamenepo, chikhalirecho sachedwa kutopa ndi kope.

Ena amati maphunziro otere ndi kulekerera ana. Ayi ndithu. Mphunzitsi wake amagwira ntchito yolemera kuposa woimirira kutsogolo n'kumayimbitsa kalasi yonse. Ayenera kukonzeratu zoti ana agwire, kudziwa amene wakonzeka kupita patsogolo ndi amene akufunika kubwereza, komanso kuugwira mtima mwana akamalakwitsa. Pomalizapa mpovuta zedi. Mwana akamavutika kulowetsa chingwe pakabowo, manja amayabwa kuti umulande umuchitire, koma ukatero wamulanda phunziro lonse. Ndikuvomerezanso kuti mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana ochuluka sangakwanitse zonsezi momwe angafunire, ndipo amafunika thandizo, osati chitonzo. Nyimbo ndi kuloweza nazo zili ndi malo ake, bola zisakhale zokhazo.

Zidole zodula sizofunikira kwenikweni. Zitsekerero za mabotolo, timitengo, mchenga, dongo ndi makatoni akale zikhoza kuphunzitsa kuwerenga, kusanja ndi kuyerekeza kukula kwa zinthu. Ndipo kusewera ndi ufulu wa mwana: Gawo 31 la pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, limanena zimenezi momveka bwino.

Masiku ano akabwera kusukulu ndimamufunsa kuti wapanga chiyani ndi manja ake, ndipo amalongosola mpaka ndimachita kumudula. Dzulo tinabwerera ku timiyala tija. Ankakhudza kamodzikamodzi n'kukasunthira pambali. Atafika pa 6 anaima, n'kubwezera totsalato m'chitini. Kenako anayala take pafupi ndi tanga, kamwala moyang'anana ndi kanzake, n'kundiuza kuti ine ndili ndi kamodzi kowonjezera, ndimupatse.